Impso Yopanda Msoko

9 Febuluwale

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwinoko. Ine kuno ndili bwino. Mchimwene wanga Batani anandiuza kuti miyendo yaphwako chiyambireni kupita ku makina osefa magazi, ndipo ndinagona tulo tabwino tsiku limenelo. Ndinayesa kulankhula nanu pafoni, koma inu monga mwa masiku onse munangoti "eee, eee" n'kumubwezera foni mwiniwake. Makutu amenewo makina osokera anawatha kalekale. Ndiye ndabwerera ku pepala, poti mumati mawu apafoni amauluka koma apapepala amalowa m'thumba.

Nthawi zonse mumandifunsa kuti, "Kodi Singano, kunjako umasoka chiyani?" Lero ndikuyankheni, chifukwa sabata ino zinthu zatiyendera mu labu yathu moti ndikuyenda ngati ndavala nsapato zatsopano.

Timatenga kabotolo kagalasi n'kuthiramo madzi onanda, oonekera bwino ngati uchi wopanda mtundu. M'madzimo timasakanizamo maselo amoyo, tinthu ting'onoting'ono tija timapanga thupi la munthu. Kabotoloko timakaika pamakina ndipo kamayamba kuzungulira pang'onopang'ono. Kakamazungulira, nyale yonga yoonetsera kanema imakawalitsa mbali zonse, ndipo kuwalako kumabwera ndi chithunzi cha chimene tikufuna. Pamene kuwala kwachuluka madzi aja amalimba, pamene kwachepa amangotsala madzi. Musanathe n'kulowetsa ulusi pasingano, mumangoona chinthu chatulukira pakati pa botolo, chonse nthawi imodzi. Palibe kudula, palibe kulumikiza. Ndipo Bambo, maselo aja safa! Timawaika m'kabati yofunda ngati thupi la munthu, ine n'kumawadyetsa ngati anapiye.

Kunabwera alendo kudzaona ntchito yathu, ndiye abwana anati tipange chinthu choti munthu wamba achizindikire. Ine ndinasankha impso, mukudziwa chifukwa chake. Ndaikamo chithunzi chake mu envulopu muno. Taonani nokha kuti mwana wa telala sanatayike.

Batani akuti madokotala apeza kuti magazi ake ndi anu akugwirizana, ndipo opaleshoni yokupatsani impso yake ikhoza kuchitika mu Epulo. Ndi zoona? Mundilembere tsiku lenileni. Mnyamata ameneyu wandidabwitsa, yemwe uja anameza batani n'kulira tsiku lonse, lero akuti, "Madokotala andidule." Mum'patse moni, ndi alamu omwe.

Ndine mwana wanu,
Singano


2 Malichi

Mwana wanga Singano,

Moni. Ine ndili bwino, kupatula zimene sizili bwino.

Kalata yako ndinailandira ndipo ndaiwerenga mpaka yayamba kung'ambika mopindamo. Chithunzi chija ndachimata pakhoma la shopu, pakati pa kalendala ndi zithunzi za masuti. Aliyense wolowa ndimayamba ndamuonetsa ndisanamuyese. Wometa wapafupi uja anati n'zabodza za pakompyuta, ndinamuuza kuti thalauza lake akapindire kwina.

Tsopano tikambe za ntchito. Ine zaka zonsezi munthu akabwera ndi chithunzi, ndimadziwa kuti chinthucho chilipo, changotsala kuchipanga pa saizi yake. Ndiye ndikuika oda. Impso imodzi, yakumanzere kapena yakumanja, imene ikuphwekere.

Miyeso ndi iyi. Chiuno 31, chinali 36, usaseke. Kuchoka pa nthiti yomaliza kufika pafupa la m'chiuno, 5 ndi theka. Ndinafunsa anesi kuti impso imakula bwanji, anati ngati chibakera cha mwiniwake. Ndiye tembenuza pepalali, ndajambula chibakera changa ndi pensulo, mlamu wako ndi amene anazunguliza. Usiyeko malo pang'ono, ndikachira ndinenepa.

Za tsiku limene ukufunsa, ndawauza achipatala kuti apatse wina. Ine sindinadulepo nsalu yatsopano kuti ndiike chigamba pa thalauza lakutha, ndiye ndiyambe lero ndi mwana wanga? Ndinavomera poyamba chifukwa panalibe njira ina. Usiku ndinkamuona mchimwene wako ali gone pa tebulo la opaleshoni, ndipo chakudya chinkandikanika. Tsopano njira yapezeka, ndipo yapezeka m'nyumba mwanga momwe. Mayi ako akanakhala moyo bwenzi atavina pamsewu.

Usathamange, koma usachedwe. Makina osefawa ndatopa nawo. Amakugoneka theka la tsiku mkono uli tambalale, ndipo alibe n'pedulo yoti munthu upondeko.

Ndine kasitomala wako,
Bambo ako


4 Malichi

Achemwali,

Moni ndikupatsani chifukwa anatilera choncho, koma mtima wanga suli pa moni.

Mwachita chiyani? Ndikufunsa, mwachita chiyani? Ine ndinasiya mowa. Ndinabayidwa majakisoni mpaka mikono inachita mabala. Kugalaja ndinapempha tchuthi, abwana anavuta koma analola. Tsiku linapezeka. Ndiye kungofika chithunzi chanu, Bambo avala jekete, ulendo kuchipatala okha, kukauza adokotala kuti "zikomo, ndaoda kwina." Adokotala anandiimbira kundifunsa ngati mutu wa Bambo ukuyenda bwino. Foniyo inandipeza ndili pansi pa galimoto ya eni ake, sipanala ili m'manja.

Ndinakuimbirani, munamva nokha. Munakuwa kuti "sizingatheke, Bambo!" iwo n'kumati "eee, eee, zikomo mwana wanga." Nditawabwerezera m'khutu anati ndili ndi nsanje chifukwa sukulu inandikanika. Mawu amenewo andipweteka, achemwali, sindikubisirani.

Inu mumawadziwa munthu ameneyu. Chinthu akachilemba m'mutu kuti ndi oda, chatha. Mukukumbuka anasunga diresi la ukwati la mayi uja zaka zingati, ukwati utatha kale, akuti mwiniwake adzabwera? Ndiye mwawatumizira chithunzi chachikulu ngati mbale, opanda kulemba kuti chinthucho n'chotani kukula kwake. Inu ndi ophunzira, mumayesa aliyense akuona zimene mukuona inuyo.

Lembani kalata. Osati ya chizungulire ngati botolo lanulo, yolunjika. Muwauze kuti palibe impso ikubwera. Adokotala akuti mtima wa Bambo panopa ukadali ndi mphamvu yopirira opaleshoni, koma sakulonjeza za miyezi ikubwerayi. Akuti makina osefa amathandiza koma amafooketsa. Ine impso ndili nayo, ili pompano, ndikuyenda nayo. Chimene ndikusowa n'choti munthu ayilandire.

Ndipo ngati mungathe, bwerani. Maselo anuwo adyetse wina.

Batani


21 Malichi

Okondedwa Bambo,

Ndikupatsani moni ndi mtima wolemera. Chonde valani magalasi, zimitsani wailesi, muwerenge pang'onopang'ono.

Sindingathe kukupangirani impso. Si ine ndekha. Palibe munthu amene angathe lero, kuno kapena kwina kulikonse.

Chithunzi chija ndinachikulitsa kuti muone bwino, ndipo ndinalakwitsa posakuuzani. Chenichenicho n'chaching'ono ngati nyemba. Chimangofanana ndi impso kunja, monga chidole chimafanana ndi mwana. M'kati mwa impso yeniyeni muli timasefa tosawerengeka ndi timitsempha toonda kuposa ulusi wanu wa silika, ndipo tonseto timayenera kulumikizana ndi magazi. Ife zimenezo sitinafikepo. Tikati tichulutse maselo kuti chinthu chikhale cholimba ngati chiwalo chenicheni, madzi aja amachita mbuu, kuwala kumasochera, chotuluka chimakhala chosaoneka mutu wake. Timene timapanga ndi toyeserapo mankhwala basi. Timakhala moyo milungu yochepa, ndipo tikachoka m'kabati yofunda ija timafa.

Mwina tsiku lina zidzatheka. Koma tsiku limenelo ine ndidzakhala ndi imvi, ndipo inu simungalidikire.

Bambo, Batani akukupatsani impso yake ndi mtima wonse. Anthu amakhala bwinobwino ndi impso imodzi mpaka kukalamba, adokotala akuuzani zomwezo. Bwererani kuchipatala mukapemphe tsiku lina. Ndagwada pansi polemba mawu amenewa.

Ndikanabwera ndekha kudzakukokani pamkono, koma pasipoti yanga ili ku ofesi yoona za alendo, ndinaipereka kuti andiwonjezere nthawi yokhala kuno. Akuti ndidikire. Ndikapita kukafunsa amandipatsa nambala n'kundionetsa mpando.

Mundiyankhe msanga. Mundiuze kuti mwamva.

Singano


12 Epulo

Singano,

Moni. Ndamva.

Ndamva kuti ukuchita mantha, ndipo sindikudabwa. Anyamata onse amene ndinawaphunzitsa ntchito, tsiku lowapatsa suti yoyamba ankanena mawu omwewa: "Sindingathe, abwana." Wina anathawira kuchimbudzi. Iwenso unalira pa kolala yoyamba, ukukumbuka? Unati kolala ndi ya afiti. Ndinakusiya ndi nsaluyo, madzulo kolala inaima.

Ukuti yaing'ono. Chabwino. Amene wasoka malaya a mwana akhoza kusoka a bambo ake, n'kungowonjezera nsalu. Ukuti madzi amachita mbuu. Sefa. Ukuti zitenga nthawi. Mwana wanga, ukuuza ine za nthawi? Telala akati Lachisanu ndiye kuti Lachisanu lina. Ndadikiritsa anthu moyo wanga wonse, ena mpaka anakakwatira atabwereka jekete. Ino ndi nthawi yanga yokhala pabenchi, ndipo sindidandaula.

Mchimwene wako akuyenda ndi nkhope ngati ndamulanda chinthu, chonsecho ndamusiyira. Muuze adye.

Oda sindinafafanize.

Bambo ako


6 Meyi

Okondedwa Alamu,

Ndikhulupirira muli bwino. Mudabwa kuona dzanja langa, poti chikwatiwireni m'banja muno sindinakulembereni. Amuna anga sakudziwa kuti ndalemba, ndipo ndikupemphani zikhale choncho.

Alamu, ndili ndi pakati. Mwezi wachinayi. Tinadikira zaka zambiri, mukudziwa zimene anthu ankandinena.

Tsiku limene apongozi anakana opaleshoni, ine ndinalowa kubafa n'kutsegula mpopi kuti asandimve, ndipo ndinathokoza Mulungu. Ndinene chilungamo, ndinathokoza. Mukhoza kundida. Adokotala anatifotokozera kuti ngozi ndi yochepa, koma yochepayo ikagwera pa ine ikhala yonse. Amuna anga ntchito yawo ndi yonyamula mainjini. Ndikawaona akugona chagada ndimaganiza za mpeni, basi tulo tathera pomwepo.

Apongozi ndimawakonda, Mulungu ndi mboni. Ndine ndimawaphikira zopanda mchere zija n'kumatukwanidwa. Ndine ndimawaperekeza kosefa magazi. Ndipo ndikuuzeni, chiyambire matendawa sindinawaone osangalala ngati panopa. Atsegulanso makina osokera. Adula shati yoyera, akuti adzavala tsiku lofika impso, thumba lake aliika lalikulu dala. Akamasoka amaimba. Akandifunsa kuti, "Mayi, mlamu wanu apanga eti?" ine ndimati, "Apanga, Bambo." Ndiyankhe chiyani?

Koma pali china chimene chikundiopsa. Ayamba kujomba kosefa. Akuti bwanji ndizikazunzika pamene yatsopano ili m'njira. Sabata yatha anapita kamodzi kokha. Nkhope yatupa, ndipo akakwera masitepe awiri a pashopu amaima kaye ngati akuwerenga chikwangwani.

Sindikupemphani kuti muname. Munanena kale zoona, iwo sanamve, mlandu mulibe. Ndikungopempha kuti musalembenso za nkhaniyi. Zisiyeni mmene zilili. Mwana wanga adzapeze bambo ake athunthu.

Ndikudziwa kuti zimene ndapemphazi n'zoipa. Ndalemba ndikulira, muona pepala.

Mlamu wanu


27 Meyi

Alamu,

Moni. Za mimbayo ndasangalala kuchokera pansi pa mtima, ndipo sindikukudani. Nditawerenga kalata yanu ndinakhala pansi m'chipinda chosinthira zovala mpaka mnzanga anabwera kudzandifunsa ngati ndadwala. Mukanakhala mng'ono wanga ndikanakuuzani kuti muope, chifukwa mwamuna ndi wanu. Koma enawo ndi bambo anga, ndipo amene anawasokoneza ndi ine. Kukhala chete sindingathe.

Mawu ndayesa, alephera. Bambo sakhulupirira mawu, amakhulupirira chimene agwira ndi manja. Kasitomala akati "chandithina" iwo amati "tavalani tione." Ndiye ndawatumizira chinthucho kuti aone.

M'phukusili muli kabotolo. M'kati mwake muli impso ija ya pachithunzi, saizi yake yeniyeni. Ndaipanga dzulo pa makina omwe aja, ndi kuwala komwe kuja, kungoti sindinaikemo maselo, poti zamoyo salola kutumiza ndipo zikanafera m'njira. Inatenga nthawi yochepa kuposa kulemba chiganizo chino. Nditaitulutsa ndinaiika pa chibakera chimene munazunguliza ndi pensulo chija. Alamu, sinadzaze n'chala chimodzi chomwe.

Phukusili ndalemba dzina lanu chifukwa masana mumakhala pakhomo ndinu. Ndikudziwa chimene ndikuchita. Mukhoza kuliponya m'dzala, palibe amene adzadziwe, ndipo ine sindidzafunsa. Ndikanatha kulitumiza kugalaja, koma sindikufuna kukudutsani kumbali ngati mdani. Ndinu amene mwawasamala Bambo pamene ine ndikudyetsa maselo a anthu osawadziwa.

Pasipoti sinatulukebe. Dzulo ndinakalipira munthu wapawindo, munthu wosalakwa, mpaka mlonda anandiyandikira.

Singano


19 Juni

Alamu,

Moni. Phukusi linafika dzulo m'mawa. Ndinalitsegula, ndinawerenga, ndinayang'ana kabotoloko. Dzala lili kuseri kwa nyumba, mukulidziwa. Ndinaima pakhomo nthawi yaitali ndithu. Kenaka ndinavala nsapato n'kupita kushopu.

Ndinawapeza akuika mabatani pa shati yoyera ija. Ndinati, "Bambo, katundu wanu wafika." Alamu, mmene anadzukira! Munthu amene amavutika kuvala nsapato. Anapukuta manja pa thalauza, anayang'ana kumbuyo kwanga kufuna bokosi. Ine ndinatambasula dzanja.

Anavala magalasi, anatenga kabotoloko ndi zala ziwiri n'kupita nako pakhomo pamene pali dzuwa. Anakatembenuza uku, anakatembenuza uku, monga amachitira ndi jekete la m'sitolo akamafufuza pamene anabera nsalu. Anakapendeketsa kuti kanthuko kagubuduzike. Ndiye anati, motsitsa mawu, "Palibe msoko." Anabwerezanso. "Mayi, taonani. Paliponse palibe msoko. Mwana ameneyu!" Nkhope yawo inawala, ndipo ine ndinaganiza kuti basi, sanamvenso.

Kenaka anakunga chibakera n'kuika kabotoloko pambali pake. Anayang'ana chibakera, anayang'ana kanthuko. Anachotsa tepi m'khosi n'kuyesa, ngati kuti maso akuwanamiza. Tepiyo anaigwira nthawi yaitali. Wometa uja anasuzumira kuti apereke moni, ataona nkhope zathu anabwerera.

Anati, "Mwanayu sanawerenge miyeso." Anaseka pang'ono, kuseka kwake kosamveka bwino. Anakhala pampando. Ndiye anafunsa, "Iyi ndiye yaikulu imene angathe?" Ndinati eya. "Onse kumeneko, ndi azungu omwe, ndi mabwana ake?" Ndinati eya, Bambo.

Anamatula chithunzi chija pakhoma, anachipinda bwinobwino n'kuchiika m'dirowa ya maoda. Anavundikira makina. Atatero anandiyang'ana pamimba, poti tsopano ikuoneka, n'kunena kuti, "Mayi, mundikhululukire. Ndinkafuna ndikusiyireni mwamuna wosang'ambika." Ine ndinangogwada pomwepo n'kulira pa maondo awo, iwo akundisisita kumutu ndi dzanja lomwe linali ndi kabotolo.

Akuti mawa apita kuchipatala ndi mwana wawo kukapempha tsiku lina. Amuna anga atamva anandinyamula m'mwamba, kuiwala kuti ndili ndi pakati. Ine mantha sanathe, alamu. Koma ndikawaperekeza.

Mlamu wanu


3 Julaye

Achemwali,

Moni. Ndinakuimbirani koma mawu anandithera, n'chifukwa chake ndinadula. Sikuti netiweki inavuta.

Akana. Anawayeza zonse kuyambira pachiyambi. Akuti mtima wafooka kwambiri ndipo m'chifuwa muli madzi. Akuti akawagoneka tulo ta opaleshoni sadzuka. Ndinafunsa kuti nanga tikadikira alimbe? Adokotala anayang'ana pansi. Ndi munthu wabwino, sananene kuti "mukanabwera mu Epulo," koma tonse m'chipindamo tinazimva.

Ndinawauza kuti ine ndasaina kale, dulani basi, zinazo n'zathu. Bambo anandigwira mkono n'kunena kuti, "Iwe, usakakamize amisiri."

Awagoneka m'chipatala. Ngati pasipoti yanuyo ili ndi miyendo, iuzeni ithamange.

Sindikufuna kulemba zambiri chifukwa zimene zili m'mutu mwanga za inu si zabwino.

Batani


15 Julaye

Okondedwa Bambo,

Moni wa mwana wanu. Pasipoti yatuluka lero. Ndapeza ndege ya sabata yamawa, ndipo mwina ndifika kalatayi isanafike, koma ndalemba kuti mukhale ndi choika m'thumba.

Maselo anga ndamusiyira mnzanga. Akafa afe.

Alamu anandiuza kuti munafufuza msoko. Bambo, pa zonse zimene anthu anenapo za ntchito yanga, palibe zoposa zimenezo. Koma ndikanakonda mukanandinena kuti ndine wolephera, muli ndi impso ya Batani m'thupi.

Ndidikireni. Munati mumadziwa kukhala pabenchi. Khalanipo pang'ono pokha.

Singano


30 Ogasiti

Achemwali,

Moni. Ulendo uno ndi moni weniweni. Ndikhulupirira munafika bwino. Kuno mlamu wanu ali bwino, miyendo yokha ndi imene yatupa, ndipo mwana akumenya ngati akufuna kutuluka ndi chitseko chomwe.

Munabwera, munapeza Bambo tawaika kale m'manda dzana lake. Munakhala nafe milungu iwiri ndipo ine sindinakulankhuleni kupatula "madzi ali apo" ndi "galimoto yafika." Pokwera basi munandigwira phewa, ine ndinayang'ana matayala. Mkazi wanga wandikalipira mokwanira, ndipo wandiuzanso za kalata imene anakulemberani ndi za phukusi lija. Tinakangana, tinalira, zatha. Ndaona kuti m'nyumba muno aliyense ankangoteteza wina, ndipo palibe amene anatetezeka.

Kalata yanu yomaliza inafika inu mutabwerera kale. Ndinapita nayo kumanda n'kuwawerengera mokweza, pafupi, poti mukudziwa makutu aja.

Pali zimene sindinakuuzeni chifukwa ndinkafuna zikupwetekeni posazidziwa. Ndi izi.

M'chipatala muja kabotolo kanu sikanachoke m'manja mwawo. Nesi aliyense wobwera ndi jakisoni ankayamba wayang'ana. Ankati, "Pezani msoko. Mukaupeza ndikusokerani yunifolomu yaulere." Adokotala omwe anawagwira, mpaka anavala magalasi. Bambo ankati, "Mwana wanga ameneyo. Amasoka ndi kuwala. Saizi yokha ndi imene sanaigwire." Wodwala wa bedi loyandikana ndi lawo anafika potopa nazo.

Sanakudandauleni ngakhale kamodzi. Ine ndinayesa kuwayambitsa, ndinati chithunzi chija ndi chimene chatipha. Anati, "Chithunzi sichinalakwe. Ndinachiyang'ana ndi maso a munthu amene sakufuna mwana wake adulidwe. Akanatumiza chaching'ono, ndikanapeza pena pothawira." Sindikudziwa ngati ankanena zoona kapena ankangofuna kuti ndisakudeni. Bamboyo mumawadziwa, ankatha kubisa cholakwika m'kati mwa mpindiro.

Tsiku lomaliza lomwe ankatha kulankhula bwino anandipatsa uthenga wanu. Anati, "Umuuze Singano kuti oda sindinafafanize. Asataye chibakera chija. Akadzaitha, adzapatse munthu wina wa saizi yanga, amene ali ndi mwana wamakani ngati iwe." Ndiye uthenga ndapereka. Bwererani ku mabotolo anu, muzidyetsa tinthu tanuto, musamangolira.

Munafunsa mlamu wanu kuti kabotolo kali kuti, iye anati sakudziwa. Ndine ndinakatenga. Tinawaveka shati yoyera ija. Mabatani awiri anali asanaike, ndinaika ndekha, mokhota, akanaona akanandimasulitsa. Kabotoloko ndinakaika m'thumba lija anasoka lalikulu dala. Kanalowa n'kutsala malo ambiri.

Shopu sindinaitsegulebe. Tepi ili pa msomali pomwe anaisiya. Ndabwerera kugalaja, ndikunyamula mainjini monga kale, thupi lonse lili bwinobwino, popanda chipsera n'chimodzi chomwe. Anthu akuti ndithokoze. Koma pena ndikakhala pansi pa galimoto ndimapezeka ndagwira m'nthitimu, mbali imene anaika chizindikiro adokotala. Ndinali nditawapatsa kale mumtima, achemwali. Tsopano ndatsala ndi impso ziwiri, ndipo inayo sindikudziwa kuti ndi ya ndani.

Mundilembere.

Mchimwene wanu,
Batani